Pepala la Itsuki

"Amayi, a Horie akudikira. Ingodindani basi," anatero Takuma, akukankhira chikalatacho pafupi ndi mawondo a mayi ake.

Michiyo anafumbata kachidindo ka banja kosainira zikalata, koma sanakatsegule. Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni amuna ake, a Shigeo Uemura. Mafupa awo, otsala atawotcha mtembo, anali m'bokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera pakona, utsi wa lubani ukukwera patsogolo pa chithunzi chawo. Anawapeza yekha Lachiwiri m'mawa atagoneka mutu patebulo lojambulira, inki itauma patsaya.

A Horie, mkonzi wa magazini imene inkasindikiza nkhani yachikondi ya zithunzi imene malemuwo ankajambula, anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda mphasa.

"Mayi, ndikudziwa kuti ino si nthawi yake. Koma aphunzitsi, amuna anu, anasiya mitu iwiri yokha kuti nkhani ithe. Opanga makatuni akudikira mathero, makalata a owerenga ali mulu kuofesi. Mukalola, wojambula wina amalizitsa potsata mapepala awo. Mukakana, ndiye kuti Suzune ndi Itsuki, ana athu am'nkhaniwa, atsala pasiteshoni pamene aphunzitsi anawasiya mpaka kalekale."

"Atsale."

"Amayi!"

"Ndati atsale. Ine ndinatsala m'khitchini muno zaka makumi atatu ndi zinayi. Anandilemberapo kalata ndani?"

Takuma anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Tchuthi changa chikutha mawa. Ndikufuna izi zithe kuti mukakhale nafe ku Sendai. Ntchito ya bambo isafere panjira chifukwa cha mkwiyo wanu."

"Iwe bambo ako unkawadziwa? Unkangoona msana wawo. Ine ndinkawasiyira mpunga pakhomo la chipinda ngati ndikudyetsa mkaidi. Mawu okoma onse ankathera papepala. Kwa ine kunali 'ndadya' ndi 'ndikukagona', basi."

Chikhalire, Michiyo anali asanatsegulepo buku lawo ngakhale limodzi. Pamaliro sanalire, abale ankanong'onezana kuti ndi wolimba mtima. Koma mumtima anali atasunga kachiyembekezo kamene ankachita nako manyazi: kuti mwina mtsikana wam'nkhaniyo anali iyeyo.

"A Horie, mapepala awowo mwabwera nawo? Ndipatseni la mtsikanayo."

A Horie anasolola pepala mu envulopu n'kulipereka ndi manja awiri. Pamwamba panali nkhope ya mtsikana wa maso akuluakulu, m'munsi mwake zilembo zing'onozing'ono za a Shigeo. Suzune, zaka 17. Msinkhu masentimita 168. Magazi a gulu B. Amakonda kusambira. Amaseka mokweza, pakamwa pali pululu. Saopa kanthu.

Michiyo anali wamfupi. Madzi ankawaopa, ndipo poseka ankaphimba pakamwa kuyambira ali mwana. Anawerenga kawiri, anatembenuza pepalalo, analiyang'ana polunjika kuwala kwa pazenera. Munalibe chake n'chimodzi chomwe.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Palibe, mayi. Aphunzitsi anangomupeka."

"Musandinamize. Ndi wa kusukulu kwawo? Wa kuofesi kwanu?"

"Ndithu mayi, palibe."

Anatsomphola envulopu ija m'manja mwa mlendoyo. Mapepala anamwazika pamphasa, iye n'kuyamba kukwawa, kutola ili, kuponya ilo: mphunzitsi, mlongo wake wa Suzune, mwini sitolo ya maluwa, ngakhale galu anali ndi pepala lake.

"Ndilimo penapake. Zaka zonsezi, ndilimo! Ngakhale mayi wongodutsa kumbuyo ndi dengu, ngakhale dzanja lokha lopereka mbale..."

"Amayi, chonde, pali mlendo," anatero Takuma. Anayesa kumugwira paphewa, koma Michiyo anamukankha.

Pepala lomaliza linali litalowa kunsi kwa tebulo. Linali la mnyamatayo. Itsuki, zaka 18. Magazi a gulu A. Wamapewa akugwa. Vuto lake: mawu amamukanirira pakhosi. M'munsi munali mizere yolembedwa ndi pensulo, yodindikiza mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka:

"Itsuki sadzanena kuti ndimakukonda, ngakhale pamutu womaliza. Sangathe. Suzune akavula nsapato pakhomo, iye amazitembenuza mwakachetechete kuti ziloze kunja, asavutike potuluka. Zikanyowa amaziikamo nyuzipepala. Suzune asazindikire."

"Pamenepo tinakangana nawo zaka zisanu," anatero a Horie motsitsa mawu. "Ndinkawauza kuti owerenga akufuna kumva mawuwo. Ankangoti mnyamata ameneyu amamudziwa bwino kuposa ine."

Michiyo anaimirira pang'onopang'ono, pepala lili m'manja, n'kulunjika kukhomo. Nsapato za a Horie zinali zitaloza kunja mwaulemu, za Takuma chimodzimodzi. Zake zakuda zinali monga anazivulira pochokera kukachisi m'mawa: zitaloza m'nyumba, imodzi itagona cham'mbali. Sabata yonseyi ankapunthwa potuluka, n'kumati ndi kutopa kwa maliro. Anayesa kukumbukira tsiku limene anawerama n'kuzitembenuza yekha chilowereni m'nyumba imeneyi. Sanalipeze.

Anakhala pansi pa sitepe, ndipo kulira kunatuluka kosakongola, kwa munthu wotsamwa. Takuma anaima kumbuyo kwake, osadziwa poika manja. Kenaka anagwada n'kutsamiritsa chipumi pamsana pa mayi ake.

Patapita nthawi Michiyo anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya.

"Bweretsa chikalata chija."

Anadinda pomwepo, atachitsamiritsa pabondo. Chidindo chinatuluka chopendekeka.

"A Horie, mukamuuze wojambula wanuyo. Mnyamatayu asanene. Owerenga alire, akwiye, koma asanene."

"Sanena, mayi."

Mlendo atapita, Takuma anabwerera kukatola mapepala. Michiyo anatsalira pakhomo. Pakona panali masilipasi a matabwa a amuna ake, odyeka kuchidendene, amene ankavala akamakataya zinyalala. Anawakoka, anawapukuta fumbi ndi chikhatho, n'kuwaika moyandikana, ataloza kunja.