Pampu ya Sola ku Dimba la Amayi

Mapichesi a kuseri kwa nyumba anali atachita kale maluwa pamene Magadalena anaona kuti chitsime cha kudimba chayamba kumumana madzi. Unali mwezi wa Seputembala, chisanu chitangotha, mitengo ya m'phiri ikuphukira masamba ofiira. Chaka chilichonse nthawi ngati imeneyi chitsimecho chinkatsika ndithu, koma osafika pouma. Chaka chino akati atsitse kheni yothirira, inkabwera ndi matope.

Chochititsa ankachidziwa. Chinali pomwepo, chikunyezimira padzuwa: galasi la sola, kapampu kolira ngati udzudzu, ndi payipi yakuda yokwawira ku kabichi wa Nomsa.

Nomsa anali mlamu wake, mkazi wa Levison, mlongo wake wamng'ono amene ankacheka matabwa ku phiri la Dedza. Dimbalo linali la malemu mayi a Magadalena ndi Levison, ndipo ataligawa pakati, chitsime chinatsala pamalire. Zaka zisanu ndi chimodzi akazi awiriwa anatunga pamodzi, aliyense ndi makheni ake, osakondana koma osatukwanana. Kenaka Levison anabwera ndi pampuyo pa njinga yamoto kuchokera ku Boma. Kuyambira tsiku limenelo Nomsa ankathirira atakhala pansi pa nthochi, foni ili m'manja, pamene mbatatesi ya Magadalena inkafota.

"Alamu, tazimitsani chinthu chanuchi, nanenso nditungeko," anatero Magadalena m'mawa wina.

Nomsa sanadzutse n'komwe mutu. "Chimayendera dzuwa, alamu. Kauzeni dzuwalo lizime."

"Chitsimechi anakumba ndi amayi anga, inu musanadziwe n'komwe njira ya mudzi uno."

"Ndiye akanakusiyiraninso pampu."

Magadalena anangotola makheni ake n'kubwerera kunyumba. Tsiku lonselo mawuwo ankamulira m'mutu. Anapsereza ndiwo, anakalipira mwamuna wake Petulo chifukwa cha khasu losiyidwa pakhomo, anathamangitsa nkhuku zosalakwa.

M'mawa mwake anapeza pampu ikulira, mwini wake palibe. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anakwinya chitenje, anatapa matope a m'chitsime ndi manja onse awiri, n'kumata galasi lija ngati akuzira nyumba. Kulira kuja kunayamba kuchepa mpaka kunati zii. Anadikira pang'ono madzi abwerere, ndipo tsiku limenelo anathirira mizere yonse.

Sanadziwe kuti Nomsa anali kuseri kwa nthochi, foni ataikweza.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi ku Kasina, anaona amayi a mumphakati mwake akuseka chobisa pakamwa. Jenifa, mnzake wakalekale, anamukokera pambali. "Iwe sunaone? Alamu ako akuika pa gulu lathu la Watsapu." Foni ya Magadalena inali ya mabatani, choncho mudzi wonse unali utamuonera iye mwini asanadzione.

Jenifa anamugwirira foniyo pamaso. Pa kanemayo Magadalena anaona mayi wina wopanda nsapato, miyendo yotuwa, akucheuka-cheuka ngati wakuba nkhuku, kenaka n'kumata galasi la sola ndi matope. Sanayambe wadziona kumbuyo. Anali atawerama msana ngati nkhalamba, ndipo pansi pake Nomsa anali atalembapo kuti, "Nsanje ilibe mankhwala."

Sanalire. Anayenda ulendo wonse wobwerera kumudzi osapatsa munthu moni.

Madzulo dzuwa lisanalowe Levison anafika pakhomo, utuchi uli m'tsitsi. "Achemwali, mwatichititsa manyazi. Bwanji osandiuza? Ndikanalumikiza payipi ina yobwera kwanu."

"Ndizipempha madzi a amayi anga kwa mkazi wako?"

"Si kupempha. Ndi kugawana."

"Wamuuza achotse kanemayo?"

Levison anayang'ana pansi. "Akuti muyambe mwapepesa."

"Tuluka pakhomo panga," anatero Magadalena. Anali asanamuuzepo mlongo wake mawu otere chibadwire.

Lolemba anadzutsa Petulo kukucha, nanyamula khasu ndi fosholo. Kumtunda kwa gawo lake la dimba kunali malo ena amene udzu sunkauma ngakhale mu Okutobala, ndipo iye ankadziwa kuyambira ali mtsikana kuti madzi a m'chitsime chakale ankachokera pamenepo. Petulo anazengereza. "Mayi, tikakumba apa, kumunsiku kuuma."

"Kumbani," anatero Magadalena.

Anakumba masiku atatu. Manja anachita matuza, matuzawo anaphulika. Nomsa ankawaonerera ali kumalire, nthawi zina n'kuwalozetsa foni, koma Magadalena sanacheuke. Tsiku lachitatu masana dothi linayamba kuda, kenaka madzi anatumphuka, ozizira, oyera ngati a m'botolo.

Pasanathe sabata chitsime chakale chinasanduka dzenje la achule. Nomsa anasiya pampu ikulira monga mwa masiku onse n'kupita ku chigayo. Pampuyo inakoka mpweya ndi matope mpaka inatentha, ndipo pobwera anapeza fungo la waya wopsa lili m'dimba monse.

M'mawa wotsatira Nomsa anatulukira pamalire atanyamula makheni ake akale, a dzimbiri. Anaima nthawi yaitali. Magadalena ankathirira ngati sakumuona.

"Alamu," anatero Nomsa potsiriza, mawu ali pansi. "Kabichi akufa."

Magadalena anaika kheni pansi, napukuta manja pa chitenje. Mawu anali atawakonza kale masiku onse aja akukumba. "Mujambuleni," anatero. "Muike pa gulu."

Nomsa anaponya makheniwo pansi n'kumutukwana mpaka anthu a m'madimba oyandikana anaimika makasu. Magadalena naye sanabweze moto. Anatchulana za makolo, za ana, za zinthu zimene aliyense anasunga mumtima zaka zisanu ndi chimodzi. Anachita kuwaleretsa ndi Petulo.

Kabichi anaumadi. Mvula isanagwe, Levison anabwera ndi lole yonyamula matabwa, napakira katundu wa m'nyumba mwake, ndi malata omwe, n'kusamukira kwawo kwa Nomsa, kufupi ndi malire a Mozambique. Podutsa pakhomo pa Magadalena sanaimitse galimoto. Ana ake awiri ndiwo anakweza manja ali pamwamba pa matiresi.

Dimba lonse linatsala m'manja mwa Magadalena. Anayesa kulilima lonse, koma msana unakana, ndipo gawo la Levison linamera chisoso. Pa Khirisimasi anapempha Jenifa kuti amuimbire Levison pa foni ya Jenifayo, poopa kuti akaona nambala yake sayankha. Inaitana kawiri, kachitatu inadulidwa.