Nkhope ya Mayi Mpweya

Foni ya malemu inanjenjemeranso pa thebulo lojambulira, pakati pa mabotolo a inki ndi mapensulo, ndipo Labala anaitembenuza kuti galasi liyang'ane pansi. Chiikireni maliro a bambo ake, foniyo inali isanapumeko.

"Ingoizimitsa," anatero mchimwene wake, ataima pakhomo la chipindacho ndi makatoni opanda kanthu m'khwapa.

"Ikatha moto izima yokha."

"Akuti chiyaninso?"

Labala anaitenga n'kuwerenga ndi mawu osakwera osatsika, ngati wolengeza zanyengo pa wailesi. "Uyu akuti pepani anamfedwa, koma mfiti ija isapulumuke. Uyu akuti mzimu wawo uuse mumtendere, koma kabuku kotsiriza kakapanda kutuluka ndiye kuti anatipusitsa zaka zonsezi. Winayu akuti nkhani ya wapolisi ndiyo inali nkhani, ya mzindayi kunali kungotha inki."

Mchimweneyo anaponya makatoni pansi.

Bambo awo anali wojambula timabuku ta makatuni. Ankatulutsa nkhani ziwiri mosinthanitsa. Ina inali ya Sajeni Mphuno, wapolisi wofufuza milandu amene ankagwira akuba ndi zigawenga koma mfuti yake sinalirepo n'kamodzi komwe. Inayo inali Mzinda Wopanda Thambo, nkhani ya anthu am'tsogolo otsekeredwa pansi pa chidenga chachitsulo, ogula mpweya wopuma m'zitini. Wolamulira mzindawo, wosunga makiyi a chitseko chokhacho chotulukira kunja, anali mayi wouma mtima wotchedwa Mayi Mpweya. Nkhani ya wapolisi inali itatha kale bwinobwino. Ya mzinda inali itatsala kabuku kamodzi pamene mtima wa wojambulayo unaima m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato.

Vuto linali nkhope. Mayi Mpweya anali ndi chibwano chosongoka, mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi kachipsera kodula nsidze yakumanzere. Zonsezi zinali za amayi a Labala ndi mchimwene wake, amene panthawiyo anali pakhonde akuthirira maluwa a m'zitini.

Nkhaniyo inayamba ana awiriwa ali kusukulu. Mchimweneyo, amene tsopano ankayendetsa ambulansi, anakula anzake akumutsina mphuno n'kumamuuza kuti alipire mpweya. Chiyambire pamenepo sanatsegulenso kabuku ka bambo ake. Labala ndiye ankakhala m'chipindacho. Ntchito yake inali kufufuta mizere ya pensulo ndi labala inki ikauma, ndipo dzinalo linachokera pomwepo n'kumumamatira mpaka ku ofesi kumene ankajambula mapulani a nyumba. Kumeneko mizere inali yowongoka, nkhope kunalibe, ndipo palibe mlendo ankamulembera uthenga womuuza kuti khoma lake lamukhumudwitsa.

Labala anayang'ana pa thabwa lojambulira. Masamba oyambirira a kabuku kotsiriza anali atathiridwa inki: khamu la anthu litaswa mipanda, lafika pa chitseko chachikulu, ndipo Mayi Mpweya watsamira chitsekocho, makiyi ali m'manja. Tsamba lomaliza linali ndi mabokosi okhaokha olemba ndi rula. Mkati mwake munali mbee.

"Tilongedze zonsezi, titseke," anatero mchimweneyo. "Mwini wake wapita. Amayi apume."

"Mwawafunsa, achimwene?"

"Ndiwafunse chiyani? Ngati akufuna kuponyedwa kuchokera padenga anthu akuwomba m'manja?"

Labala anatola makatoni n'kuwatsamiritsa kukhoma.

Masana kunabwera mkonzi wa kukampani yosindikiza, bambo wamfupi wa jekete lotha m'zigongono. Anapepesa maliro monga mwa ulemu, anamwa tiyi theka, kenako anafika pa chimene anadzera. Anati anthu akufunsa tsiku ndi tsiku. Anati ku ofesi kuli wojambula wina amene amatha kutengera dzanja la malemu moti sungasiyanitse, ndipo banja likalola, iyeyo amaliza tsambalo monga mmene owerenga ambiri akufunira.

"Akufuna bwanji?" anafunsa Labala.

"Ambiri akuti aponyedwe. Ena akuti atsekeredwe m'chipinda chopanda mpweya. Alipo ochepa akuti alape."

"Nkhope ya amayi si ya kampani," anatero mchimweneyo.

"Nkhope ndi ya amayi, sindikukana," anatero mkonzi, akuzunguza kapu pa sosala. "Koma Mayi Mpweya ndi wa owerenga. Amuda kwa zaka zambiri, ndipo kudana ndi munthu nthawi yaitali chotero n'chibale ndithu. Mukawamana mathero, mwawamana maliro." Anatembenukira kwa Labala. "Kapena mwana wa m'nyumba amalize yekha. Dzanja la bambo anu mumalidziwa kuposa tonsefe."

"Ine ndimajambula zimbudzi ndi masitepe."

"Ganizirani," anatero mkonzi, n'kunyamuka.

Amayi anali atakhala pampando wapakona nthawi yonseyo akupinda malaya a malemu. Anachotsa kapu ya mlendo n'kupukuta pa thebulo.

M'mawa mwake kunagogoda anthu awiri amene panyumbapo sankawadziwa. Anali atakumana pa masitepe ndipo anafika pakhomo atayamba kale kukangana. Wina anali wometa tsitsi, amene anati timabuku tonse ta malemu amatisunga m'shopu mwake kuti odikira lumo aziwerenga. Winayo anali nesi, ali m'yunifomu yake, akuchokera kuntchito. Amene anatsegula chitseko anali amayi.

Wometayo anayamba bwino. "Pepani amayi ndi zovutazi, ife ndife..." Mawu anathera pomwepo. Maso ake anakwera pachibwano, anaima pa mano, n'kukafika pa nsidze. Chipewa chinagwa m'manja mwake.

"Lowani," anatero amayi. "Mpweya wa muno ndi waulere."

Labala anayang'ana amayi ake. Chichitikireni maliro anali asanawamve akunena chiganizo chathunthu.

Alendowo anakhala pampando wautali. Wometayo anakhala m'mphepete, mawondo pamodzi, ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi. Koma tiyi atalowa m'thupi, lilime linamasuka.

"Ine ndinene zoona, amayi, musakhumudwe. Sajeni Mphuno ndiye anali munthu. Ukawerenga umadziwa kuti wakuba agwidwa, ukagona tulo tabwino. Koma ya mzindayi, ukamaliza umayamba kumvetsera mmene ukupumira. Makasitomala anga ena amachita kutsegula windo."

"N'chifukwa chake ili nkhani," anatero nesi. "Wapolisi wanu uja ankangogwira timbava ta m'misika. Ndi liti pamene anagwirapo bwana? Ya mzinda imakuuza amene wakhalira chifuwa chako."

"Ndiye afe! Pamenepo tikugwirizana."

"Sitikugwirizana. Ine ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala chifuwa. Ndikudziwa kukhala ndi silinda imodzi ya mpweya odwala ali mbwee, aliyense akukuyang'ana ngati ndiwe wakupha. Mayi uja ndi yekhayo amene akudziwa zimene zili kunja. Mwamuna wake anatuluka pa chitseko chija osabwerako."

"Sanali mwamuna wake, anali mlongo wake."

"Mwamuna wake!"

"Anali mwana wake," anatero amayi. "Kabuku ka chikuto chobiriwira, tsamba lapakati. Mwamuna alibe. Malemu amuna anga ankafuna kumupatsa, ine ndinakana."

Mchimweneyo, amene anali ataima pawindo atafulatira alendo, anatembenuka.

"Munakana?"

"Ndinakana. Mkazi woteroyo akanakhala ndi mwamuna, anthu akanati zonse akumuuza ndi bamboyo." Amayi anawongola nsalu ya pa thebulo ndi chikhatho. "Abambo anu ankatha manja, maso, mithunzi. Koma akati alembe mawu a munthu woipa, ankatuluka ngati akupempha madzi akumwa. Wakuba wawo aliyense ankapepesa asanabe. Ndiye ndinkawauza ine, ndikusita zovala, iwo n'kumalemba. Mawu onse a Mayi Mpweya ndi anga."

"Ngakhale aja akuti, 'Wakufa sapuma, ndiye ndakuchotsera ngongole'?" anafunsa wometa, maso ali tong'o.

"Amenewo anandibwerera ndikutsuka mbale."

Wometayo anagwira pakamwa. Nesi anaseka mpaka anaika kapu pansi.

Mchimweneyo sanaseke. "Amayi, ine ndinkamenyana kusukulu chifukwa cha inu. Ndinathyoka dzino. Ndinasiya kulankhula ndi abambo chaka chathunthu, ndimati akukunyozani pamaso pa dziko."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Unandifunsapo? Unkangondimvera chisoni. Ukalowa m'nyumba unkandiyang'ana ngati wodwala wa m'galimoto mwako muja. Ndipo abambo ako anati tikusiye, mwana woteteza mayi ake asachititsidwe manyazi. Mwina tinakusiya nthawi yaitali."

Mchimweneyo anayang'ana wotchi, ngakhale nthawi ya ntchito inali isanakwane. Anatenga jekete lake pa msomali. Pakhomo anaima, dzanja lili pa chitseko.

"Labala, makatoni aja ukawabweze kugolosale," anatero, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono.

Alendo anafuna kudziwa mathero. Wometayo anachita kuchonderera, nati sauza munthu, ngakhale mkazi wake. Amayi anawaperekeza mpaka pakhomo n'kuwauza kuti adzawerenga pamodzi ndi anzawo. Mkangano unayambiranso pa masitepe ndipo unamveka mpaka kumsewu.

Labala anatsuka makapu. Atamaliza anapeza amayi ake ataima m'chipinda chojambulira, mmene anali asanalowemo chimwalirireni amuna awo. Ankayang'ana mabokosi opanda kanthu aja.

"Ndiye amayi, abambo ankafuna ithe bwanji?"

"Sankafuna ithe. Tsamba limeneli lakhala pamenepa kuyambira nyengo yozizira. Ine ndinkati mayiyu afe, wapha anthu ambiri, nkhani yoona siingamusiye. Iwo ankati chabwino, mawa. Mawa likafika, ankanola mapensulo onse, kukonza nyali, kupita kukagula inki pamene inki ilipo. Tsiku lina ndinawapanikiza. Anati, 'Mayi, ine ndajambula nkhope imeneyi ikukwiya, ikunama, ikulamula kuti anthu aphedwe. Koma itatseka maso, dzanja langa likukana.'"

Labala anakhala pa mpando wa bambo ake. Unali wotsika kuposa mmene ankaukumbukira.

"Nanga inu mukuti bwanji tsopano?"

"Saponyedwa, ndipo salapa. Atsegula yekha chitseko, chifukwa watopa n'kufunsidwa. Atuluka iye woyamba. Pakhomopo acheuka kamodzi kuyang'ana khamu lija, basi. Kaya kunjako akafa, kaya akapeza thambo, akakangane okha a wometa ndi anzawo. Ndi ntchito yawo, amaikonda."

"Alankhula chiyani?"

"Palibe. Ndalankhula zokwanira."

"Dzanja langa linauma, amayi. Nkhope ndinasiya kalekale."

"Chitseko uchitha, si ndiwe wa mapulani? Nkhope ndi iyi, ndabwera nayo."

Amayi anakoka kampando kamatabwa kamene kanali kuseri kwa kabati, anakaika pafupi ndi windo pamene kuwala kunkagwera mbali imodzi, n'kukhala chofulatira. Anawongola msana, anatsitsa mapewa, n'kucheuka. Nkhope yawo inasintha Labala akuona. Milomo inaphwa, maso anazizira, ndipo mayi amene anali kupinda malaya dzulo lake sanaonekenso. Pakampandopo panakhala wolamulira mzinda.

Labala anasankha pensulo. Analemba mzere wa phewa, anaufufuta, analembanso. Mutu unali utapendekera kwambiri kumthunzi moti kachipsera ka pa nsidze sikankaoneka. Anadzuka, napita pamene panali amayi ake, n'kuwagwira chibwano kuti awatembenuzire kuwindo.

Amayi anadzidzimuka pang'ono.

"Manja akowa ngozizira," anatero, osasuntha mutu. "Abambo ako ankayamba awauzira mpweya. Tsiku lililonse, ngakhale kukutentha."

Labala anabweza manja ake. Anawafumbata pakamwa, anauziramo, anawatikita mpaka anafunda. Kenako anagwiranso chibwanocho ndi nsonga za zala, n'kuchitembenuzira kumene kunali kuwala.