Ntchito ya Pageti

Nthawi inali itangokwana teni koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula. M'chipinda cha misonkhano cha kampani yathu yophika buledi tinalimo anayi: ine woyang'anira antchito, loya wa kampani, mkulu wa bungwe la antchito, ndi dalaivala wathu wakale amene tonse timawatcha Malume.

Loya anali atandilangiza kale pakhonde. "Bwana, nkhani ndi ya maso basi, monga analembera dokotala. Za ukalamba zisatuluke pakamwa panu. Ngakhale pepani musanene. Akakatisumira, mawu amenewo adzatipweteka kukhoti."

Malume anayamba kuyendetsa lole yathu ine ndisanakwezedwe. Mkazi wanga akudwala, ndiwo ankapita naye kuchipatala akaweruka. Tsiku la maliro ake anayendetsa okha galimoto ya bokosi, pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse. Koma mwezi watha anagunda geti la pasukulu ana atangodutsa kumene, ndipo dokotala anapeza kuti diso lawo lamanzere lachita ng'ala.

Ndinawafotokozera kuti sangagwirenso chiwongolero, koma kampani ikuwapatsa ntchito ya pageti, malipiro osasintha.

"Pageti?" Anaseka. "Ndizitsegulira lole yanga, mwana wadzana akuikukuta magiya? Ndizimumenyeranso sailuti?"

A bungwe anaseka nawo.

"Achimwene," anatero Malume. Mu ofesi anali asanandiitanepo choncho. "Za pagetizo zisiyeni. Ndikufuna mundiuze inuyo, osati dokotala. Ndatha, eti? Mukanena inu ndivomera, ndikapume ndi mtima umodzi."

Loya anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Zimenezo sindingayankhe," ndinatero. "Kampani yatsamira pa zimene achipatala apeza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, atapendeketsa mutu kuti andione ndi diso labwinolo. Ndinkadziwa chimene ankadikira, ndipo chinali pakamwa pangapa. Ndinayang'ana tebulo.

"Chabwino, bwana."

Anatulutsa makiyi m'thumba la jekete, nachotsapo kiyi wa kunyumba kwawo ndi chikhadabo. Kiyiyo anavuta kutuluka, ndipo palibe anawathandiza. Otsalawo anawakankhira kwa ine.

"Amene atenge loleyo mumuuze kuti giya yachiwiri imafuna kunyengerera. Akaikakamiza, imusiya pamtunda."

Ntchito ya pageti anaikana. Anapatsa moni wa m'manja a bungwe, kenako loya. Ine anangondiweramira mwaulemu, monga amachitira kwa alendo obwera kudzagula buledi.

Chitseko chitatsekeka, loya anapumira m'mwamba. "Mwachita bwino, bwana. Apa palibe potigwira."

Ndinavomera ndi mutu. Pawindo ndinawaona Malume akudutsa m'bwalo, osayang'ana kumene kunaima malole. Ndikanathamanga ndikanawapeza asanafike pamsewu, koma sindikanakhala ndi china chowauza chimene loya akanalola.

Pansi, buledi wamasana anali atatuluka mu uvuni ndipo masitolo anali atayamba kuimba foni. Ndinatsika kukagawira madalaivala misewu yoti apite.