Apongozi Pagalasi la Thiraki

Mkamwini wa a Pang'ono analephera mayeso oyendetsa thiraki Lachinayi m'mawa, ndipo a Pang'ono sanamvetse. Kuyenda chakutsogolo anakhoza. Zamabuleki, zamagiya, zamalamulo a pamsewu, zonse anakhoza. Koma atauzidwa kuti abweze thirakiyo chammbuyo, alowetse ngolo yake pakati pa zigubu zomwe woyesa anandandalika, anaponda zigubu zitatu, ngolo n'kupindika ngati chigongono.

"Zitatu?" anafunsa a Pang'ono.

"Zitatu, bambo. Chachinayi chinachita kuthawa chokha."

Dzina loti Pang'ono analipata pa zaka makumi atatu zomwe anayendetsa mathiraki, chifukwa ndiwo mawu amene ankayankha aliyense wowafulumizitsa, ngakhale wowathirira shuga mu tiyi. Pa zaka zonsezo sanakandepo ngakhale geti. Tsono mwana wawo wamkazi atabwera kudzawauza kuti mwamuna wake watopa ndi kagalimoto ka buledi, ndipo kampani ina yonyamula katundu yamulonjeza ntchito akangopeza laisensi ya thiraki, iwo anangonyamuka. Anavala chipewa chawo n'kupita kwa mnzawo wakale, mwini galaja, yemwe anali ndi thiraki yokalamba pabwalo pake. Anagwirizana kuti aziibwereka madzulo alionse ntchito ikatha.

Chodabwitsa n'chakuti pabwalo la galajalo mkamwiniyo sankalakwa. Ankalowetsa ngolo pakati pa zigubu zakale za oilo kakhumi motsatizana, osakhudza n'chimodzi chomwe. Tsopano kunali kutatsala masabata awiri kuti mayeso obwereza achitike, ndipo a kampani ananeneratu kuti adikira mpaka tsiku limenelo basi. Akalepheranso, mpandowo apatsa wina.

A Pang'ono ankanyadira kaphunzitsidwe kawo. Sankakuwa kapena kukupiza manja ngati aphunzitsi ena. Ankangoima kumapeto kwa zigubu, manja kumbuyo, pakamwa potseka. "Munthu aziona yekha," ankatero. "Kumayeso kulibe wokuitanira."

Lamlungu masana mwana wawo anabwera kudzaonerera. Anakhala pa tayala lakutha, ambulera ili pamutu chifukwa cha dzuwa. Thiraki inabwerera chammbuyo, ikufwenthera mpweya wa mabuleki, ngolo n'kulowa pakati pa zigubu ngati ulusi pasingano. Inalowanso kachiwiri, kachitatu. Koma a Pang'ono anaona kuti mwana wawoyo sakuyang'ana thiraki. Ankayang'ana iwo.

"Bambo, mumamuuza chiyani munthuyu?"

"Ine? Wandiona nditatsegula pakamwa?"

"Imani pomwepo, musasunthe."

Anakodola mwamuna wake kuti ayambirenso. Thiraki itangoyamba kubwerera, iye anadzaima patsogolo pa bambo ake n'kutsitsa ambulera, kuwaphimba kuyambira kuchipewa mpaka m'chiuno.

"Iwe, ukunditchinga."

"Ndikudziwa."

A Pang'ono sanaone chilichonse koma nsalu yamaluwa ndi timawaya ta ambulera. Anangomva injini ikukayikakayika, kenako chigubu chikuphwanyika pansi pa tayala. Patangopita kanthawi chinaphwanyikanso china.

Mwana wawo anapinda ambulera ija modekha. "Ngolo ikapatukira kumanzere mumapendeketsa mutu kumanja, ngati mukufuna kuikoka ndi khutu. Ikayandikira chigubu mumakweza nsidze. Ikafika pamalo pake mumagwira chipewa."

"Bodza limenelo."

"Malemu amayi ankati inu musamayerekeze kusewera makadi, chifukwa onse amalembedwa pamphumi panu."

Mkamwini anali atatsika. Anaima chapatali pang'ono, manja atawagwirizanitsa kutsogolo, maso ali pa chigubu chophwatalala.

"Akamwini, n'zoona zimene akunenazi?"

"Bambo, poyamba ndinkayang'anadi ngolo. Koma ngolo imachedwa kunena. Inu mumafulumira."

"Nanga kumayeso kuja munkayang'ana chiyani?"

"Nkhope ya woyesa, bambo. Koma munthu uja nkhope yake ndi khoma lenileni. Ndinamuyang'ana mpaka zigubu zinatsala pang'ono kutha."

Mwana wawo anaseka mpaka anakhalanso pa tayala paja. A Pang'ono sanaseke. Anatola zigubu zophwanyikazo n'kukaziponya kuseri kwa galaja, ndipo anachedwako kuposa mmene ntchitoyo inkafunira. Masabata asanu ndi limodzi akudyedwa ndi dzuwa pabwalopo, ndipo chomwe mkamwini wawo anaphunzira n'kuwerenga apongozi.

Lolemba anabweretsa mpando wapulasitiki n'kuukhazika moyang'ana khoma. Anakhalapo atafulatira thiraki, chipewa chili pabondo. Ngolo inalowa bwinobwino.

"Mwaona?" anatero osacheuka.

"Ndaona," anayankha mwana wawo, yemwe tsopano ankabwera tsiku lililonse akaweruka kuntchito. "Msana wanunso ukuyankhula. Mukumva matayala ndi makutu, mapewa n'kumakwera okha. Inu amunanga, simuchita manyazi kuwerenga msana wa apongozi anu?"

"Umaoneka wokha pagalasi," anatero mwamunayo ali pawindo. "Nditseke maso?"

Mapeto ake anawatsekera mu kaofesi ka mwini galaja, momwe munali fungo la girisi, kalendala ya chaka chatha ndi zenera loyang'ana kumsewu. Kumeneko zigubu ankangozimva. Chikaphwanyika chimodzi, mwini galaja ankakweza chala osasiya kulemba zake.

"Madala, zigubu zanga zikutha. Mudzayamba kundandalika nsapato zanu."

"Ukanakhala ndi ngolo yowongoka bwenzi zisakutha."

"Ngolo imeneyo inawongoka iwe usanayambe kumeta ndevu. Vuto ndi mphunzitsi."

Mumtima, a Pang'ono nawonso ankaganiza zomwezo.

Tsiku lachitatu injini inazima nthawi isanakwane. Atatuluka anapeza mkamwini wakhala pa sitepe ya thiraki, malaya atanyowa ndi thukuta kumsana konse. Kunali kutatsala masiku asanu ndi atatu.

"Bambo, ndiuzeni chimene inu mumaona. Ine ndikayang'ana pagalasi ndimangoona chikhoma choyera chikupita kumene chikufuna."

A Pang'ono anayang'ana manja awo. Zaka makumi atatu zija zinali m'manja, m'khosi ndi m'mapewa, koma palilime panalibe.

"Munthu umangomva," anatero potsiriza.

"Ine sindikumva chilichonse, bambo."

A Pang'ono anayang'ana sitepe ija. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi osakwerapo thiraki, ndipo bondo lawo lakumanja linawakumbutsa zimenezo pokwera. Mpando unali utasunthidwira kutsogolo kwambiri. Anaubweza, anakonza magalasi onse awiri, n'kuuza mkamwini kuti akhale mbali inayo.

"Muzinena chilichonse chimene diso lanu lagwerapo," anatero mwana wawo ali pansi. "Mokweza."

Anaponda kalachi, analowetsa giya, ngolo n'kulowa pamalo pake kamodzin'kamodzi. Atakoka buleki anapeza mkamwini akuwayang'ana mwaulemu.

"Simunanene kanthu, bambo."

"Ndinaiwala."

Anatulutsa thiraki n'kuyambiranso, ulendo uno mochedwa ngati maliro. Mawu ankabwera movuta, limodzilimodzi.

"Sindikuyang'ana mchira wa ngolo. Ayi. Ndikuyang'ana tayala lomalizira, pamene likukhudza pansi. Kumene likupita ilo ndi kumene ngolo ipite. Tsopano onani. Mbali ya ngolo yayamba kukula pagalasi lanulo, pa langali yasowa. Ndiye ndikhotetsera chiwongolero komwe yakulirako. Pang'ono. Tsopano ndikubweza, isanandiyankhe. Mukadikira kuti iyankhe, mwachedwa kale."

"Kubweza isanayankhe," anabwereza mkamwini.

"Ndipo apa sindikuona chigubu cha mbali yanuyo. Sindikuchionadi." Anaima, anadabwa okha. "Ndimangochikumbukira pamene chinali. Inu musamakumbukire. Mukakayika imani, tsikani mukaone ndi maso. Palibe anafapo ndi manyazi otsika."

Anabwereza kasanu madzulo amenewo, ndipo ulendo uliwonse ankapeza chinthu china chimene diso lawo linkachita osawauza. Potsika, mkamwini anathamangira mbali yawo n'kuimika phewa pafupi ndi chitseko, akuyang'ana kwina ngati wangoima mwangozi. A Pang'ono analitsamira.

Masiku otsatirawo anabwerera mu kaofesi kaja. Zala za mwini galaja zinayamba kukwera mwa apo ndi apo. Koma zinthu sizinakongole ngati kale. Mkamwini ankachedwa, ankatsika kawirikawiri, nthawi zina ankapita kutsogolo kukawongola n'kuyambiranso. Tsiku lomaliza analowetsa bwino kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. A Pang'ono anawerengera maulendo atatu otsalawo njira yonse yobwerera kunyumba.

Pa tsiku la mayeso mwana wawo anawaletsa kupita. "Mukangoima kuseri kwa mpanda, munthuyu akusakani pagalasi mpaka akupezeni. Khalani kwathu kuno, mundidikirire limodzi."

Anakhaladi. Anamasula chitseko cha kabati ya m'khitchini, chomwe mwana wawo anati chinalibe vuto, n'kuchimanganso. Anathira mafuta pa mahinjesi a zitseko zonse za m'nyumbamo. Ankafufuza chokonza china pamene mkamwini analowa, cha m'ma leveni koloko, n'kuika pepala patebulo.

A Pang'ono anapukuta manja asanalikhudze.

"Mwaponda zingati?"

"Palibe, bambo."

"Munatsika?"

"Kawiri. Woyesa mpaka anayang'ana wotchi."

"Ayang'ane, ndi yake. Inalowa mowongoka?"

"Mopendekera pang'ono. Koma inalowa."

Anavala magalasi awo n'kuwerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka timalemba tating'ono ta pansi, kenako analitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli china. Mwana wawo anali atagwira kale mwamuna wake m'khosi, akumuuza kuti aimbire foni a kampani asanakhale n'komwe pansi.

"Aimba," anatero a Pang'ono. "Kampani sithawa pa mphindi khumi."

Anasuntha mbale ya shuga, anandandalika makapu anayi m'mizere iwiri, n'kutenga supuni ndi bokosi la machesi.

"Khalani apa, akamwini. Machesiwa ndi mutu wa thiraki, supuniyi ndi ngolo. Yambirani pamene munalowetsa giya, ndipo musadumphe kanthu."