Kumanzere Kunali Maluwa

Wojambula pa ukwati wathu anabwera ndi kamera yobulungira ngati mpira, n'kuiimika pa ndodo kutsogolo kwa holo. Anati imajambula mbali zonse nthawi imodzi, ndipo ukavala magalasi ake aakulu aja umakhala ngati wabwerera m'holomo, n'kumacheukira kulikonse kumene wafuna. Ine ndinavala kamodzi, chizungulire chinandigwira, ndinawataya uko.

Amuna anga ndiwo anakanirira. Loweruka masana akakhuta, ankakhala pampando wa pabalaza, magalasi kumaso, kukamwa kuli yasa. Poyamba ndinkanyada. Ndi amuna angati amene amaonera ukwati wawo popanda kuwakakamiza?

Koma wovala zinthu zija amaiwala kuti ena tikumuona. Tsiku lina ndikusita, ndinazindikira kuti khosi lawo silikhala mowongoka. Nyimbo yolowera ikangoyamba, ankapotolokera kumanzere mpaka mpando kulira, n'kukhazikika komweko akumwetulira. Chonsecho ine m'kanemamo ndili kutsogolo, m'diresi imene inandifinya tsiku lonse.

"Bambo, kumanzereko kuli chiyani?"

"Maluwa, mayi. Anakongoletsa bwino anthu aja."

Munthu woti chibadwire sanathirirepo duwa. Nsanje inandigwira, sindibisa, mpaka ndinapsereza kolala ya malaya awo, ndipo sindinapepese.

Atapita kokameta, ndinakhala pampando wawo n'kuvala magalasi aja, akununkha thukuta lawo. Holo yonse inabwera, ndi ana othamangathamanga omwe. Ndinapotoloka monga amachitira iwo. Maluwa analipodi. Pambali pake panaima mng'ono wanga, amene timakhala naye m'nyumba muno, nsapato zili m'manja, osaseka, osawomba m'manja.

Ndinadzilimbitsa mtima. Kamera ilibe nzeru, imangotola zilizonse, ngakhale zinyalala za pansi pa tebulo. Diso la munthu ndi limene limasankha, ndipo langa tsiku lija linasankha chinthu chimodzi chokha: nkhope ya mkwati akulonjeza, maso ali pa ine, misozi ili lengelenge. Anzanga a kuntchito anatopa nane kuwafotokozera za maso amenewo.

Ndiye ndinabwerera kutsogolo kuti ndiwaonenso, mtima ukhale pansi. Kamera inaima pambali pathu, motero ndinaona tonse awiri, mkwatibwi ndi mkwati, monga mmene ankationera alendo. Mkwatibwi ankamwetulira ngati wapenga. Misozi ya mkwati inalipo ndithu, sindinaname. Koma maso ake ankadutsa pamwamba pa phewa la mkwatibwi. Ndinawatsatira ndi khosi pang'onopang'ono, mpaka mpando unalira.

Ndili choncho, ndinamva mapazi akuchokera kukhitchini, kenako mawu a mng'ono wanga.

"Alamu, tiyi wanu... Aa, ndinu asisi?"

Sindinavule magalasiwo. Ndinali ndikumuyang'ana kale.