Chingwe cha Achimwene

Bambo a Nusra atamwalira m'komboni ya George, anasiya mawu amodzi okha okhudza malo a kuseri kwa nyumba: ana awiriwo agawane mofanana. Ntchitoyo anaitenga mchimwene wake wa Nusra, Haidar, kalipentala wodziwika mpaka ku Matero. Anabwera ndi chingwe cha mamita 48 ndi zikhomo zocheka yekha, n'kuitana akuluakulu awiri a kumzikiti. Anazunguliza chingwecho malo ake, nsonga zinakumana. Anazunguliza malo a Nusra, a m'mbali mwa ngalande, nsonga zinakumananso. Akuluakuluwo anagwedeza mitu, nkhani n'kutha.

Nusra anagwetsa misozi ya chimwemwe. Nkhani za abale olandana malo anali atazimva mpaka kutopa nazo, ndiye anati wake yekhayu ndi munthu. Pa Idi anamusokera mkanjo woyera, manja ake n'kuwayeza kawiri kuti asaperewere. Mumtima anali atamanga kale chipinda chogona kumbuyo ndi shopu ya utelala kutsogolo, kuti asiye kusenza makina osokera kupita kumsika m'mawa uliwonse.

Lachisanu lina Whyson, mmisiri womanga nyumba amene Nusra anamutuma kukaona malowo, anamupeza pamsika.

"Ba Nusra, ploti yanu ija ni yoyonda monga kanjila ka ku kiyosiki. Napimako na mendo. Kutalika ni katatu kuchila mumbali. Nyumba izankala, manje shopu? Awe, sizakwana."

"Imwe ba Whyson, ntambo inali imozi. Ninaona na menso yanga."

"Ntambo ni ntambo, mayo. Ine nimanga pansi, sinimanga pa ntambo."

Whyson atapita, mawuwo anatsala akumuluma. Anatenga choko cholembera nsalu n'kuyamba kulemba patebulo la makina. M'lifupi anautcha x, m'litali 3x. Mbali zifupi ziwiri ndi zazitali ziwiri zinapanga 8x, ndipo zonsezo zinakwana m'chingwe cha mamita 48. Ndiye kuti x ndi 6. Malo ake anali mamita 6 m'lifupi, 18 m'litali, kuchulukitsa n'kupeza 108. Malo a Haidar anali ofanana mbali zonse zinayi, 12 uku 12 uku, kutanthauza 144. Kusiyana kwake 36, chipinda chathunthu cha mamita 6 mbali zonse. Shopu yake inali itakhala phee m'malo a mchimwene wake.

Manyazi anamugwira. Telala wanji wosadziwa kuti kutalika kwa mpendero sikunena kukula kwa nsalu? Komabe mtima wa mlongo ndi wopusa, unayamba kale kumuikira kumbuyo. Mwina Haidar naye sanadziwe. Mwina anangotengera mmene ena amagawira malo m'komboni. Anatseka makina dzuwa lili paliwombo, n'kupita kukadzionera yekha.

Mvula inali itafewetsa nthaka, ndipo chikhomo cha pangalande chinali chitapendekeka. Anachizula kuti achikhome bwino. Atapukuta matope ndi chala, anaona zolemba za pensulo. Haidar, monga akalipentala anzake, sankadziwa pepala. Masamu ake ankalemba pathabwa lililonse limene lili pafupi, kenako n'kulicheka. Pamwamba panali 12 × 12 = 144. M'munsi mwake 6 × 18 = 10, nambala yomaliza itapita ndi sowo.

Dzanjalo analidziwa. Ndi lomwelo limene linamuphunzitsa kupeza x ali giredi naini, pakhonde, iye akulira kuti masamu amuvuta. Munthuyo anawerengera zonse, anaona kusiyana kwake, kenako anacheka thabwalo n'kulikhoma m'malo a mlongo wake akuluakulu akuyang'ana. Nusra anamva kuwawa kumene sanakumve ngakhale pa maliro a bambo ake.

Haidar anatulukira pakona akuchokera ku mapemphero a Juma, atavala mkanjo woyera uja.

"Iwe Nusra, uzulila chani chikomo? Bakulu banaona kale, ntambo inali imozi."

Nusra anamutambasulira chikhomocho, zolembazo zitaloza kwa iye.

"Achimwene, sowo yanu inadya nambala imozi apa. Muzaimaliza mweka, olo nimalize ine?"

Haidar anayang'ana thabwalo, kenako anayang'ana kungalande. Sanalilandire. Anangoima akukoka dzanja la mkanjo, limene linamukwana ndendende.