Mapazi a Amayi Leposava Pansi pa Vanishi

Borivoje atangotsegula chitseko cha pabalaza, fungo la vanishi linamuwomba kumaso ngati mbama. M'mawa, popita kuntchito yake yoyendetsa basi, anasiya mawindo onse awiri ali pululu. Tsopano anali otseka ndithu, makatani atakokedwa. Pa matabwa apansi amene iye anawapala masiku awiri athunthu, msana ukuchita kulira, n'kuwapaka vanishi, panali mzere wa mapazi kuchoka pakhomo kukafika pawindo, n'kubwereranso. Pakati penipeni panatsala silipasi imodzi, itamatirira kuti nga.

Sanafunse n'komwe kuti ndi ya ndani. Anagunda pansi ndi chala, chala n'kukakamira ngati wagwira jamu.

Linali Lachinayi limenelo, ndipo slava, phwando la Jorji Woyera, nkhoswe ya banja lawo, inali Lamulungu. Slava siisunthidwa, ndipo mlendo wa tsikulo sabwezedwa pakhomo. Bambo ake anamwalira chaka chatha, ndiye ulendo uno woyatsa kandulo ndi kulandira anthu anali iyeyo, koyamba m'moyo wake. N'chifukwa chake anachotsa chikapeti chakale chija, kuti abale adzaone kuti nyumba ya malemu bambo ake, a Stanimir, sinagwe. Amalume ake, a Živorad, amene anakalambira pa ntchito yoyala matabwa, anali atamuseka kale kuti dalaivala azigwira chiwongolero, bulashi aisiyire eni ake. Mawu amenewo ankamuwawabe.

Anawapeza amayi ake kukhitchini akukulunga nyama m'masamba a kabichi, phazi lina lili mu silipasi, lina mu nsapato ya mpongozi wawo.

"Amayi, vanishi amauma ndi mphepo."

"Anthunso amafa nayo," anatero amayi Leposava osatukula mutu.

Ndiye anayamba kumuwerengera. Milunka wa chipinda chapamwamba kamwa linapotoka chifukwa chokhala pakati pa windo ndi chitseko. Wa positi uja khutu linagontha m'basi, mwina ya Borivoje yemweyo, poti amakonda kuyendetsa windo lili chotsegula ngati wamisala. Mphepo ya panja ilibe mlandu, koma iyi yolowera uku n'kutulukira uko, imeneyi ndiye imapha. Potsiriza anati nawo bambo ake ankakhala pampando wa pawindo lomwelo. Borivoje anafuna kuwakumbutsa kuti dokotala anati unali mtima, koma anangowasiya akukulunga kabichi wawo. Anawamvera chisoni, ngakhale mkwiyo unali usanathe.

Mkazi wake Dušanka atafika n'kusuzumira pabalaza, anaseka mpaka kukhala pansi m'khonde, misozi ili chuchuchu. Mayi ameneyu kuseka kwake n'kopatsirana, moti Borivoje anachita kuluma mlomo.

"Boro, usadandaule. Tiyalanso kapeti, amalume ako adzayamikira maluwa ake."

Iye anakana kwamtuwagalu. Koma nanga akanatani? Makina opalira anali atabweza kale kusitolo kumene anabwereka, ndipo ngakhale akanawatenganso, kupala n'kupaka kawiri sikukanatheka pofika Lamulungu. Chimene chikanatheka n'kuumitsa zomwe zinalipozi, n'kupakanso kamodzi pamwamba. Koma zimenezo zinkafuna mawindo otsegula usana ndi usiku, m'nyumba imene munali amayi Leposava.

Anali Dušanka amene anapeza nzeru. Anakhala pafupi ndi apongozi akewo, n'kuyamba kuwathandiza kukulunga kabichi, kenaka anawafunsa mwaulemu ngati mphepo ija imapha ngakhale m'chipinda mopanda munthu. Amayiwo anaganiza kaye, n'kuvomera kuti ayi, imafuna khosi kapena msana woti igwire.

"Ndiye titsegule mawindo n'kukhoma chitseko, amayi, kiyi musunge inuyo. Aliyense wofuna kudzipha ayambe wapempha kwa inu."

Ha, ntchito imeneyo anailandira ndi manja awiri! Kiyi anaimangirira pa lamba wa epuloni, pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi thaulo. Lachisanu madzulo, pansi patauma, Borivoje anachita kupempha chilolezo kuti alowe m'chipinda cha m'nyumba yake yomwe. Analoledwa atavala juzi ndi mpango m'khosi, mwezi wa Meyi, thukuta lili kamukamu. Silipasi anaimatula ndi mpeni. M'mphepete mwa mapazi aja anakwechamo ndi sandipepa mpaka zala kutentha, koma anangosalala basi, osafufutika. Anapaka vanishi womaliza akubwerera chambuyo, amayi ake ali kuseri kwa chitseko kumuuza kuti afulumire.

Lamulungu m'mawa analowa ndi masokosi okha, mtima uli m'mwamba. Pansi panali pouma gwa, pakuwala mpaka miyendo ya tebulo kuonekeramo. Nawo mapazi ankaoneka bwino lomwe, khumi ndi anayi, aang'onoang'ono, lamanzere lopondera kunja. Dušanka anamunong'oneza kuti kapeti idakalipo m'chipinda chosungiramo katundu. Iye anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

Wansembe anabwera, anadula mkate wa slava n'kuuthira vinyo, onse n'kuuzungulitsa m'manja akuimba. Borivoje anayatsa kandulo. Pofika masana nyumba inali itadzaza, nkhosa yootcha ili patebulo, rakija, kachasu wa kumeneko, ikuyenda m'timatambula. Mawindo anali otseka onse, ndipo amene anapempha zimenezo anali wansembe mwiniwake, poti khosi lake silinkafuna chibwana.

A Živorad anafika mochedwa. Asanapsompsone aliyense anagwada pakhomo, mawondo akulira, n'kusisita pansi ndi chikhatho. Anayang'ana m'makona, anapendeka mutu kuti aone mmene kuwala kukugwera. Borivoje anaima ndi botolo m'manja.

"Dalaivala, dzanja uli nalo," anatero mkuluyo. "Koma uyu anadutsa apayu ndani? Mmisiri salola zotere."

Anthu anaseka, ena n'kusuntha mipando kuti aone bwino. Borivoje anati ayankhe, koma amayi ake, amene ankalowa ndi mbale ya kabichi, anamutsogolera.

"Ndine, achimwene. Zaka makumi anayi ndakolopa pansi pano nditagwada, popanda chooneka. Ndangoyendapo kamodzi, mwana wanga wandisungira mapazi."

Kuseka kunazirala. A Živorad anadzuka pang'onopang'ono atagwira mpando, n'kunena kuti makina awo akale akadali bwino, akhoza kubwera nawo sabata yamawa, ntchito ya tsiku limodzi basi.

"Zikomo, amalume," anatero Borivoje akuwathirira rakija. "Pakhala chonchi."